Tsaya Lamanja, Kenako Lamanzere

1.
Chithunzi chinafika ndili m'kalasi, ana a Folomu 3 ataweramira makope awo kufunafuna x. Foni inanjenjemera patebulo. Nambala yachilendo, yoyamba ndi +258, ya ku Mozambique. Moni palibe, mawu palibe. Mwamuna wanga Fatsani, atavala shati ya buluu yomwe ndinamugulira ine ku Limbe, ndi mkazi wina wa tsitsi lalitali, milomo yake ili patsaya la mwamuna wangayo.

Tsaya lamanja.

Ana anamupeza x wawo. Ine ndinasunga nambalayo mufoni, pa dzina ndinalembapo x.

2.
Fatsani ndi wamagetsi. Anapita ku Tete mvula ya chaka chatha itangoyamba, kukagwira ntchito kukampani ina yokumba malasha. Tinagwirizana kuti ine nditsatira temu ikatha. Temu inatha. Ina inayamba. Nayonso inatha.

Zifukwa zomwe ndinapereka:
a Folomu 4 atsala pang'ono kulemba mayeso
amayi bondo lawayambanso
kumeneko kumatentha
Chipwitikizi sindichidziwa
makatani ndangosoketsa kumene
kumeneko kumatentha

Iye ankangoti chabwino. Fatsani ndi munthu woti ukamuponda phazi, wopepesa amakhala iyeyo.

3.
x sankayankha foni. Ndinalemba kuti, ndinu ndani? Timizere tiwiri tinasanduka ta buluu, kusonyeza kuti wawerenga. Zii. Ndinalembanso m'Chingerezi. Ndinapempha intaneti kuti indimasulire m'Chipwitikizi, ndinatumizanso. Zii.

Funso linali limodzi, koma la magawo awiri ngati la pamayeso. Gawo loyamba: kodi banja langa lilipo? Gawo lachiwiri: ngati lilipo, likukhala kuti?

4.
Amalume a Bizwick ndiwo nkhoswe yanga. Ndinawapeza ku Ndirande akukonza wailesi pakhonde. Anavala magalasi, anatenga foni, n'kuyamba kukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka panangotsala tsaya ndi milomo.

Izi si zachibale, anatero.

Anandiuza kuti iwo akalamba nalo banja koma akazi awo sanawapsompsonepo pamaso pa anthu. Ngakhale tsiku la ukwati abusa atalamula, anangowagwira dzanja n'kuligwedeza mwamphamvu. Akazi awo anayankha ali m'nyumba kuti n'zoona, ndipo dzanjalo linawawa mpaka chikondwerero chinatha.

Mwini wake wamufunsa?

Ayi, amalume.

Usamufunse pafoni. Pafoni munthu amanama atatambasula miyendo. Pita ukaone ndi maso ako. Ukakapeza kuti n'zoona, ubwere, tikhale pansi ndi akwawo.

Nanga ndikakapeza kuti n'zabodza?

Anandibwezera foni.

Ndiye ndidzakufunsa iweyo, Mwandida, chomwe ukuchita ku Chilomoni.

5.
Iwe Mwandida, kwera basi pa Wenela, kachikwama kamodzi basi popeza sukukakhalitsa, Lamlungu ubwerera, khala kuwindo, usalire pa Lunzu, pa Zalewa gula madzi, pa Mwanza tsika pasipoti ili m'manja, anyamata osintha ndalama akuzungulire iwe gwiritsa chikwama pachifuwa, woloka, pa Zobwe wapolisi akufunse m'chilankhulo chomwe sukuchimva iwe ungoti Tete, adinde, msewu uyambe kutsetsereka, mapiri atsale kumbuyo, mitengo ifupike, milambe ichuluke, mbuzi, mbuzi, mbuzi, mphepo yolowera pawindo ikhale ngati yochokera mu uvuni, vula juzi yomwe amayi anakukakamiza, pa Moatize fumbi lakuda la malasha likulowe m'mano, ndipo njira yonseyi konza mawu okamuuza mkaziyo, uwasankhe, uwanole, uwabwereze chamumtima, uwaiwale.

6.
Sindinamuuze kuti ndikubwera. Adiresi ndinaitola m'macheza a pafoni: ku Matundo, tsidya lino la mlatho, geti yobiriwira, mtengo wa masawu, pafupi ndi pophikira buledi. Woyendetsa kanjinga ka matayala atatu, komwe kuno amati chopela, anamvetsera zonsezo n'kupukusa mutu. Kenako ndinati Mmalawi, wamagetsi, woonda.

Aa, Malawiyano!

Ananditengera pageti penipeni. Woonda ndinangonena, poti Fatsani yemwe ndinkamudziwa ine sanali woonda kwenikweni. Koma woyendetsayo anavomera ndi mutu wonse.

7.
Pageti, pakampando kakafupi, panakhala mayi wamkulu thupi, beseni la masawu lili pamiyendo. Ameneyu ndiye mwini nyumba, Dona Firmina. Fatsani ankamutchula pafoni nthawi zina, monga mmene munthu amatchulira nyengo.

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Anaika beseni pansi, anadzuka pang'onopang'ono, anandigwira mapewa ndi manja awiri. Ine ndinapereka dzanja. Dzanjalo linangotsala m'malere.

Tsaya lamanja, kenako lamanzere.

Ankanunkhira sopo ndi masawu. Ndinauma ngati mtengo wa magetsi. Dzina langa sanandifunse.

8.
Thukuta.

9.
Omwe anandipsompsona dzuwa lisanalowe:
Dona Firmina
mng'ono wake wa Dona Firmina
mayi wa nyumba yoyandikana, manja ali ufa okhaokha
kamtsikana komwe kanachita kukwera pa ndowa kuti kandifikire
mkulu wina wopanda mano, yemwe anayamba wavula chipewa
Dona Firmina kachiwiri, poti anali atapita kumsika n'kubwerako

Ankalankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi. Chinyungwe chimamveka ngati Chichewa chomwe chinapita ulendo wautali n'kubwerako ndi katundu wa eni. Ndinkamva theka. Theka linalo ndinkangomwetulira.

Amalume akanakhalapo, zala zokulitsira zithunzi zikanawathera.

10.
Ananditsekulira chipinda cha Fatsani, cha kuseri kwa nyumba yaikulu. Nditangotsala ndekha ndinayamba ntchito yomwe ndinabwerera. Pansi pa bedi. M'thumba la zovala. Kuseri kwa chitseko. Ndinanunkhiza pilo, ine, munthu wa digiri.

Zomwe ndinapeza:
mbale imodzi
kapu imodzi
fani yomangidwa ndi waya
chithunzi cha ukwati wathu, chitapindika ndi kutentha
mapaketi a mankhwala a malungo, opanda kanthu, ambiri
pawindo, m'malo mwa katani, chitenje changa chachikasu chomwe ndinakangana nacho ndi mchemwali wanga kuti ndiye anaba

Foni inali itatsala pang'ono kuzima. Ndinatulutsa chaja changa cha mano atatu. Pakhoma panali timabowo tiwiri tozungulira, tikundiyang'ana. Ngakhale magetsi a kuno sankandidziwa.

11.
Fatsani akanakhala wolankhula, akanafotokoza chonchi: ndimadzuka kusanatenthe, ndimagula buledi mmodzi wotentha, theka ndimadya theka ndimasunga, basi ya kampani imatitenga pamsewu, kuntchito mawaya ndi omwewo, ofiira ndi ofiira kulikonse, anzanga amaseka nthabwala ine ndimaseka pambuyo pawo, madzulo ndimabwera, pabwalo pamakhala anthu, wailesi, ana, amandiitana, ndimakweza dzanja n'kulowa m'chipinda, ndimaimbira Mwandida, amandiuza za a Folomu 4, ndimati chabwino, ndimadya theka lija, ndimayatsa fani, fani imazungulitsa kutentha komweko, Loweruka ndimachapa, Lamlungu ndimapita kutchalitchi komwe ndimangomva Amen, tsiku lina ndinayamba kunjenjemera dzuwa lili pamutu, ndinauza Dona Firmina kuti nayi nambala ya mkazi wanga koma muimbe pokhapokha ndikafa.

Koma Fatsani si wolankhula. Zimenezi ndinazitola pambuyo pake, chimodzichimodzi, ngati mpunga wotayika.

12.
Mkazi wa pachithunzi uja anafika chakumadzulo, atakwezedwa pa njinga yamoto, atavala yunifolomu ya unamwino. Tsitsi lomwelo. Milomo yomweyo. Ndinaimirira pakhomo la chipinda, mawu anga onola aja ndikuwasaka m'mutu.

Anapsompsona woyendetsa njingayo, koma ameneyo pakamwa. Anapsompsona Dona Firmina, amayi ake. Anapsompsona mkulu wopanda mano uja. Atandiona anakuwa, anataya chikwama, anabwera chothamanga.

Tsaya lamanja, kenako lamanzere.

Dzina lake ndi Zulmira. Wa njingayo ndi bwenzi lake, ukwati uli m'mwezi wozizira, ngati Tete ali ndi mwezi wotero. Anandigwira manja onse awiri n'kumalankhula mofulumira, Chinyungwe, Chingerezi chothyokathyoka, manja. Ndinamva kuti Mwandida, Mwandida, tsiku lililonse Mwandida. Ndinamva kuti diripi anamuika ndi iyeyo, pabedi lomwelo, botolo atalipachika pa msomali wa chithunzi cha ukwati. Ndinamva kuti masiku ena ankaopa kulowa m'chipindamo m'mawa.

Ndinafunsa kuti zinachitika liti. Atanena mwezi wake ndinakumbukira. Ndi mwezi womwe Fatsani ankati kamera ya foni yake yawonongeka.

13.
Basi ya kampani inamusiya pamsewu. Ndinamuona akubwera, chisoti cha kuntchito chili m'manja, lamba ataboola bowo latsopano, kolala ya shati itasanduka yaikulu. Pabwalo ponse panali patadzaza, wailesi anaitsitsa, ngakhale ana anasiya mpira. Analowa pageti. Anandiona. Anaima.

Ndinayenda mpaka pomwe anali.

Mwaswera bwanji, a Fatsani?

Ndaswera bwino, kaya inu? Mwayenda bwanji?

Ndayenda bwino.

Kunyumba ali bwanji?

Ali bwino, akupereka moni.

Tinagwirana chanza.

Bwalo lonse linabuula ngati wina waphonya penate. Mkulu wopanda mano anamenyetsa chipewa pansi. Zulmira anagwira mutu. Tauni yonse inali itandipsompsona tsiku limenelo, kupatula munthu mmodzi yemwe anali ndi chilolezo cha mpingo.

Dona Firmina yekha sanadabwe. Anangopitiriza kusankha masawu.

14.
M'chipinda, chitseko titatseka, ndinamupatsa foni. Anali atandipezera kale kachida kolumikizira chaja changa pa timabowo tija.

Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

Ili ndi tsiku lomwe ndinayamba kutuluka panja, anatero. Anaphika mbuzi. Wakutumizira ndani?

Ndimati undiuze iweyo.

Mwandida, taona manja anga.

Ndinachichepetsa chithunzicho. Kuyambira tsiku la amalume chinali chikadali chokulitsidwa, ndipo ine ndinkangochitsekula pomwepo, patsaya. Manja a Fatsani anali kumbuyo, atagwirana. Khosi litauma. Maso atatseka mwamphamvu. Ankaoneka ngati mwana yemwe akumubaya katemera.

Kuseka kunayambira m'mimba. Ndinakhala pansi, pasimenti yotentha, ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inapitiriza yokha kuseka kutatha. Ndinamumenya paphewa, ndipo dzanja langa linagunda fupa.

Ukanafa, ndikanamva kwa ndani?

Nambala ndinasiya.

Ndinamumenyanso.

15.
Gawo loyamba layankhidwa. Banja lilipo. Lili ndi mbale imodzi.

16.
Lamlungu lija linafika. Basi inapita.

Zifukwa zomwe ndinapereka kwa ahedi akusukulu kwathu:
amuna anga anadwala
akufunika kudya
mpando wa basi unatha
akufunikabe kudya

Ahedi anati a Folomu 4 awapatsa kaye mphunzitsi wina, mnyamata wongochoka kumene ku koleji, ndipo ana akumukonda. Ndinayembekeza kuti zindipweteka. Ndinadikira tsiku lonse. Sizinandipweteke.

17.
Iwe Mwandida, phunzira. Samba m'mamawa, chifukwa masana madzi a pampopi amatuluka oti ungaviikemo tiyi. Buledi ugule akadali wotentha, wa dzulo ndi mwala. Dzuwa likafika pamutu mashopu amatseka, agalu sauwa, tauni yonse imagona, iwenso gona, si ulesi. Chitenje kuno ndi kapulana. Minibasi ndi shapa, koma kupanikizana n'komweko. Chigwada amathira mtedza ndi kokonati n'kuchitcha matapa, usachinyoze usanalawe. Pasipoti izikhala m'chikwama ngakhale ukungopita kokagula anyezi. Pamsika uzilankhula Chichewa chako pang'onopang'ono, akumva, angokuseka pang'ono. Mbuzi ya kuno ndi yokoma, ndipo amadziwa, usawauze kawiri.

Ndipo ukafika pamalo, usayambe ndi dzanja.

18.
Ndinaphunzira mopitirira muyeso. Mmawa wina kunabwera bambo wa yunifolomu kudzaona mita ya madzi. Ndinali ndekha pabwalo. Ndinaganiza kuti nthawi yoonetsa kuti ndazolowera yakwana. Ndinamugwira mapewa.

Tsaya lamanja, kenako lamanzere.

Bamboyo anagwetsa cholembera. Anawerenga mita ya nyumba yoyandikana m'malo mwa yathu, anatuluka chobwerera m'mbuyo, anagunda geti.

Zulmira atamva anagona pamphasa ndi kuseka. Kenako anandikhazika pansi n'kundipatsa malamulo, akuwerenga ndi zala. Abale, inde. Anzako, inde. Anzawo a anzako, inde. Wa mita, ayi. Wa shapa, ayi. Wapolisi, mana Mwandida, chonde, ayi.

Mana ndiye kuti achemwali. Ndi mawu oyamba a kuno omwe anandikwana ngati nsapato yanga.

19.
Ndinaimbira amalume. Ndinawafotokozera zonse, za manja akumbuyo, za malungo, za Zulmira ndi ukwati wake.

Ndiye kuti aliyense?

Aliyense, amalume.

Iwenso akukupsompsona?

Tsiku lililonse.

Mwamuna wako akuona?

Iyenso amakhala pamzere.

Anapuma mozama. Anati dziko ndi lalikulu. Anati akadzabwera kudzationa ndidzawauziretu anthuwo kuti iwo ali ndi chifuwa. Kenako anafunsa funso lawo lija, loti nanga tsopano ku Chilomoni ndikuchitako chiyani. Ndinati netiweki ikuvuta.

20.
Loweruka lina madzulo tinayenda wapansi pamlatho wa Zambezi. Malole akadutsa mlatho wonse umanjenjemera pansi pa mapazi. Anthu a kuno sazimvanso. Ine ndinagwira chitsulo, Fatsani anagwira chigongono changa, pagulu, koyamba chikwatiranireni.

Anayamba kulankhula akuyang'ana madzi. Anati waganiza. Anati ndikabwerera ku Blantyre, iyenso asiya ntchito abwere. Ndinamukumbutsa kuti kwathu anakhala zaka akuyenda ndi envulopu ya makalata a sukulu m'khwapa, maofesi onse akumudziwa nkhope. Anati akukumbuka.

Komabe. Ndekha sindingathenso.

Sananene kuti chabwino. Ndinadikira kuti anene, sananene.

Lole ina inadutsa. Mlatho unanjenjemera, unaleka.

21.
Ana a pabwalo anayamba kubwera ndi makope. Poyamba kamtsikana ka pa ndowa kaja, kenako azinzake, kenako mayi wina wa ku Dedza yemwe amagulitsa zovala kumsika anabweretsa ake awiri kuti Chingerezi chisawathawe. Timakhala pansi pa mtengo wa masawu dzuwa likapendeka. Mawu a m'mabuku awo sindiwamva. Manambala ndimawamva onse.

x ndi x ngakhale kuno.

Wanga yekha ndiye anali asanapezeke.

22.
Oganiziridwa:
Zulmira. Ayi, ali m'chithunzimo.
Bwenzi lake, chifukwa cha nsanje. Ayi, tsikulo anali ku Beira.
Mnzake wa Fatsani wa kuntchito. Fatsani alibe mnzake wa kuntchito.
Fatsani mwini. Ndinamuyang'ana akusoka batani la shati, lilime lili kunja. Ayi.

Ndinachitsekulanso chithunzicho, osati patsaya, koma m'mbali. Wojambulayo anali pansi, chifukwa anthu onse akuoneka aatali. Anali chakugeti. Pakona ya m'munsi pali kanthu kozungulira, kosaoneka bwino, ngati mlomo wa beseni.

Ndinaitseka foni. Panja wina ankaimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti mawu ake ndikuwamva onse, osati theka.

23.
Ndinagula nambala ya kuno. Munthu wobwerera Lamlungu sagula nambala, ndikudziwa, koma ndinadziuza kuti n'zotchipa. Ndinatumizanso uthenga kwa mchemwali wanga, wopepesa za chitenje chachikasu, ndi wopempha kuti amasule zinthu zina m'nyumba ya ku Chilomoni azipereke kwa kondakitala wa basi.

Patapita masiku angapo, pobwera kumsika, ndinapeza Dona Firmina pakampando kake. Nambala yake ndinalibe, poti pabwalo limodzi anthu amangokuwirana. Ndinamusonyeza foni, ndinamuuza m'Chipwitikizi changa cha mawu asanu kuti andipatse.

Anandiyang'ana. Anapukuta manja pakapulana. Anayamba kutchula manambala, imodziimodzi, osafulumira. Ine ndikulemba. Ndisanafike kumapeto, foni inamalizitsa yokha, n'kuonetsa dzina lomwe linali kale m'kati.

x.

Ndinakweza maso.

Khala pansi, mwana iwe, anatero Dona Firmina, m'Chichewa choyera ngati cha mayi wogulitsa manachesi pa Mwanza. Ukutchinga mphepo.

24.
Ine Firmina ndinakulira kwanu. Nthawi ya nkhondo tinathawa kuno ndi amayi anga, ndili kamtsikana kongoyamba kumera mawere, tinakakhala kumsasa wa ku Chifunga. Sukulu ndinaphunzira kwanu, nyimbo za kwaya ndinaimba kwanu, mwana wanga woyamba ndinamuika m'dothi la kwanu. Chichewa sindinaiwale. Ndinangochisunga, kuti uyambe waphunzira kupempha madzi m'chilankhulo cha kuno.

Kumsasako kunali mkulu wa mpingo wina, munthu wabwino, anapatsa amayi anga malata awiri mvula itatigwetsera nyumba. Ine mwana wa m'tauni, woleredwa ndi bambo wa kunjanji, ndinathamanga kukathokoza monga tinkathokozera kwathu. Pakhomo la tchalitchi, anthu akutuluka. Lamanja lokha, lamanzere sindinafikeko. Mkazi wake anandithamangitsa ndi munsi mpaka kumjigo, ndipo nkhaniyo anaikamba akuluakulu mpaka chimanga chinacha. Ndiye usandifunse ngati ndinkadziwa chomwe chithunzi chija chikachite. Ndinkadziwa. Ndinadikira kuti Zulmira afike patsaya, ndinadina.

Mwamuna wakoyu ndinkamuona ndili pompano. Amalowa, amakweza dzanja, amatseka chitseko. Malungo tinachiza. Chinacho Zulmira analibe diripi yake. Nambala yako ndinali nayo, anati ndiimbe akafa, ine ndinati nanga ndidikire zimenezo? Ndinaganiza zokuuza kuti akudwala. Ukanatumiza mapemphero ndi uthenga woti azimwa madzi ambiri. Ndinaganiza zokuuza kuti wasungulumwa. Ukanamuimbira kawiri patsiku m'malo mwa kamodzi, n'kumati temu ikatha. Sindikukunyoza. Kuchoka kwanu n'kovuta, ine ndinachita kuthamangitsidwa ndi mfuti. Iwe mfuti panalibe, ndiye ndinakupezera chokuthamangitsa.

Masiku omwe unali usanafike sindinkadya bwino, usaone ngati ndinkaseka. Ndinkati nanga akangopita kwa ankhoswe osabwera kuno, ndaphwanya nyumba ya ana a eni. Chopela chilichonse chikaima pamsewu ndinkaika beseni pansi. Ndiye tsiku lija utatsika, nkhope ili ngati ukukamenya munthu, juzi ili m'khwapa kunja kukutentha chonchi, ndinati zikomo Ambuye, wakwiya, wabwera. Dzina ndikanafunsiranji?

Ukafuna kundikwiyira, kwiya, ndili pompano, sindithawa. Mwamuna wako umuuze kapena usamuuze, zako zimenezo. Koma katundu wako wafika uli kumsika, kondakitala wamusiya apo, m'thumba lachikasulo. Ndasuzumiramo, ndine mwini nyumba. Makatani. Nsalu yabwino, koma anakusokera a mawindo a ku Blantyre, ndi aatali kwambiri, pawindo langa akwekwa pansi. Ukafuna ndikubwereke mapini, ungowapinda, kuti tsiku lobwerera ukawapachike momwe analili.

Mapini sukufuna?

Zulmira, tabweretsa sizasi.